Mchere wa Mimi

Lolemba, 14 Julaye

M'mawa. Nkhungu mpaka pakhomo, phiri silikuoneka. Kuno ku Linthipe Julaye sasewera ndi munthu, ndipo ine m'nyumba ndili ndi mlendo amene sagwirizana ndi kuzizira.

Nsomba! Imodzi yokha. Kutalika ngati chala changa chapakati, yobiriwira pamsana, madontho akuda, kamimba koyera, mano ngati a mbewa. Diso lililonse likuyang'ana kwake. Ikukhala m'thanki yagalasi patebulo langa lodyera, ine ndikudyera pamwendo. Dzina ili nalo: Mimi.

Abwera nayo dzulo ndi bambo a Tadala, amuna anga, pa galimoto ya kuntchito. Iwo ndi dalaivala ku Lilongwe, chaka chachisanu ndi chitatu tsopano. Kuno amabwera kamodzi pamwezi, mweziwo ukakhala wabwino. Akuti nsombayi ndi ya abwana awo, ndipo sabata ino iwo ndi abwanawo ali paulendo wa kumpoto. Mawu awo ndi awa, ndikulemba kuti asadzakane: "Mukaisunga yamoyo mpaka Loweruka, ndikubwera kudzatenga nonse awiri. Nyumba ndapeza, ya zipinda ziwiri. Tadala ali kusukulu yogonera, mukudikiranso chiyani kuno?"

Zaka zonsezi ndikudikira mawu amenewa. Ndawamva chifukwa cha nsomba. Zilibe kanthu, ndawamva.

Pepala la malamulo lamatidwa pagalasi:

1. Madzi azikhala ofunda. Hita isazime.
2. Kusintha ndowa imodzi ya madzi Lachiwiri ndi Lachisanu.
3. Pa ndowa iliyonse, masupuni anayi a mchere wa m'paketi yabuluu. Osati wa m'khitchini!
4. Chakudya: tinkhono tamoyo, ndi chigoba chomwe, kuti mano asakule.
5. Osaikamo nsomba ina. Amaluma.
6. OSADYA. Ali ndi poizoni.
7. Muzimuyankhula. Amasungulumwa.

Nambala seveni yandiwawa. Ine ndasungulumwa zaka eyiti, palibe amene anamata pepala pakhoma kuti anthu azindiyankhula.

Zilembo zake n'zozungulira bwino, m'munsi muli kamtima. Ndafunsa dzulo ngati abwana awo amajambula timitima. Ati ndi sekilitale. Chabwino.

Masana. Apongozi anga, mayi awo a bambowa, nyumba yawo ili masitepe khumi kuchokera pa yanga, ndipo salowa ndi odi. Aima pagalasi, kolona m'khosi, manja kumbuyo. "Ndiwo yake imeneyi? Ngakhale mphaka sangakhute." Ndawawerengera nambala sikisi kawiri.

Madzulo. Kudimba, m'mbali mwa mtsinje, kufuna nkhono. Mu Julaye! Maola awiri miyendo m'matope, tinkhono naini. Mimi watafuna tiwiri, kukumveka khwa! khwa! mpaka pakhomo. Wandiyang'ana ndi diso limodzi, linalo lili pa chitseko.

Ndalongeza sutikesi: zitenje zinayi, diresi la kutchalitchi, nsapato zomwe sindinapondepo fumbi. Masiku asanu okha. Ndalera mwana, ndasamala nkhumba, nsomba ingandikanike ine?

Lachiwiri, 15 Julaye

M'mawa. Tsiku losintha madzi. Ndatunga pamjigo, ndafunditsa pambaula, ndayesa ndi chigongono ngati madzi osambitsa khanda. Ndachotsa ndowa imodzi, ndathira ina. Zonse zikuyenda. Apongozi ali pampando wanga akuonerera, akusenda mbatatesi zanga.

Kenako mchere. Masupuni anayi, thi! m'thankimo. Sukusungunuka, wangokhala pansi. Ndatenga mthiko, ndikutakasa monga amatakasira munthu aliyense wanzeru.

Mayo ine!

Mimi watupa. Watupa ndikuona ndi maso angawa! Kansomba konga chala kasanduka mpira, timinga tili nyangalala, maso atuluka, kakuyandama chammbali. Ndaona Lilongwe akutalikira.

Patapita kanthawi waphwa. Akusambira ngati palibe chachitika. Wadyanso nkhono.

Ine ndapuma. Apongozi sanapume. Mpeni aika pansi, mbatatesi aika pansi. Akundiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

"Mayi a Tadala, muli kumwezi?"

Ayi.

"Simuli kumwezi. Amuna anu agona usiku umodzi, ndipo agona pampando chifukwa cha msana. Mwathira mchere, chamoyo chatupa." Apukuta manja pachitenje. "Ine ndakula. Tsempho ndimalidziwa."

Tsempho! Aliyense kuno amadziwa: mkazi akayenda njira zachibwana n'kudzathira mchere m'ndiwo, odya amatupa masaya ndi miyendo. Ndinazimva kuchinamwali ngati wina aliyense. Koma palibe namkungwi anatchulapo nsomba ya m'galasi.

Ndayesa kuseka. Ndaseka ndekha.

Chigamulo chagwa pompo: kuyambira lero dzanja langa lisakhudze mchere. Wa ndiwo azithira iwo. Wa nsomba azithira iwo. Chitini cha mchere achinyamula, paketi yabuluu ayiika m'chitenje. Ndapulumutsa theka lokha, lomwe ndinakhuthulira m'botolo dzulo osadziwa kuti ndikudzithandiza.

Masana. Ndaimbira bambo a Tadala. Foni yozima. Kumpoto netiweki imavuta, iwo anatero.

Amuna amene ndayankhula nawo mwezi uno, poti zafika pamenepa:

- wogulitsa makala
- akatekisiti
- Che Yusufu a pagolosale, zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, mano atatu
- wa chigayo, ndipo tinakangana

Ndi ameneyo mndandanda wa machimo anga onse.

Madzulo. Ndiwo za mpiru zili pamoto, ine ndaima pakhomo ngati mwana kuitana apongozi kuti adzathire mchere. Abwera pang'onopang'ono kuti oyandikana nawo aone bwino. Athira pang'ono kwambiri, dala. Ndadya zozizira.

Mimi ndamuyankhula, monga mwa nambala seveni. Zimene ndamuuza sizolemba.

Lachitatu, 16 Julaye

M'mawa. Magetsi azima! Hita zii, kapampu ka thovu zii. Panja udzu uli mbuu ndi chisanu. Ndaika chala m'madzi, chala chafa.

Mimi wakhala pansi pakona, mimba yada, zipsepse wapinda. Nkhono ikumuyenda pamphuno, iye osaiona.

Zimene ndachita:

- ndakuta thanki ndi bulangeti langa la ukwati, lokhalo lolemera lomwe ndili nalo
- ndayatsa mbaula pafupi ndi tebulo
- ndathira madzi otentha m'mabotolo atatu, ndawayandamitsa m'thanki
- akazizira, kuwiritsa ena
- akazizira, kuwiritsanso ena

Makala a sabata yonse atha pofika masana. Ine ndavala majuzi awiri, mano akugundana. Nsomba ya eni ili m'bulangeti.

Pamenepo n'pamene apongozi alowa ndi paketi yabuluu, pamodzi ndi aNachisale, mnzawo wa kumphakati, amene nkhani ikalowa m'khutu mwawo imatulukira pamsika. Akuti ayese okha. Ndawauza kuti lero si tsiku la mchere. Ati ndikuopa chiyani? Atapa ndi dzanja, awaza. Mimi, wouma ndi chisanu, sanagwedeze ngakhale mchira.

"Mwaona? Dzanja lozizira," atero apongozi.

ANachisale agwira pakamwa. Andiyang'ana mwachisoni, chisoni chija munthu amachita akapeza nkhani yokoma.

Masana. Pamjigo ndafika anthu akuseka, ndaika ndowa onse zii. Wina wandifunsa mokoma kuti, "Nsomba yadzuka bwanji?" Nsomba! Ine osandifunsa.

Ndapita kwa Che Yusufu kukatchaja foni, poti iwo ali ndi sola. Ndawapempha andifufuzire pa foni yawo yaikulu ija. Avala magalasi, awerenga mwapang'onopang'ono, chala chili pamzere. Akuti nsomba zamtundu umenewu zimachokera kumaiko otentha, kumene mitsinje imakumana ndi nyanja yamchere. Zikachita mantha zimameza madzi n'kufufuma kuti mdani alephere kuzimeza. Akuti mchere uyenera kusungunulidwa kaye m'ndowa. "Mayi, inaopa mthikowo basi. Ngakhale ine mutanditakasa ndi mthiko ndingatupe."

Ndaseka koyamba sabata ino. Ndatembenuka: aNachisale ali pakhomo la golosale, akugula machesi.

Ndatha ine.

Madzulo. Magetsi abwera. Mimi wadzuka, mimba yayeranso, wadya nkhono zitatu. Ndasangalala, ndipo zandikwiyitsa kuti ndasangalala.

Apongozi ndawafotokozera za mantha ndi mthiko. Yankho: "Wakuuzani ndani?" Ndatchula dzina. "Eya," atero. Mawu amodzi okha, koma akulemera kuposa thumba la chimanga.

Foni ya bambo a Tadala yozimabe. Masiku atatu atsala.

Lachinayi, 17 Julaye

Lero mapemphero a mphakati ali kwa apongozi. Masiku onse kumabwera anthu asanu ndi mmodzi, wina akusinza. Lero abwera makumi awiri ndi atatu. Kwabwera ndi anthu amene sindinawaonepo akugwada. Ndipo mwadzidzidzi nyumba ya apongozi yachepa, akuti tipempherere kwanga.

Akhala mozungulira tebulo. Palibe akuyang'ana buku. Ine ndili kukhitchini kuphika tiyi wa gulu lonselo, ndikumva go! go! go! Akugogoda galasi ndi zala, wina ndi kiyi. Ndikulowa ndi thireyi kuti ndiwaletse, ndipo nthawi yomweyo, phazi langa likungoponda pakhomo, Mimi fuu! Mpira.

"Yesu Maria! Angolowa!"

"Ngakhale mchere sanaugwire!"

"Ndiye kuti n'zatsopano, si zakale ayi."

Ndanena kuti ndi kugogodako. Mawu anga amira m'nyimbo. Andipempherera dzina ndi dzina, kuti amene asokera abwerere. Tiyi amwa yense, shuga wanga watha, chigumu sichinatsale ngakhale nyenyeswa. Palibe waopa kutupa ndi chigumu changa.

Masana. Ndapita kudimba kufuna nkhono, komanso kuti ndilire pomwe palibe anthu. Zisanu zokha. Misozi yochuluka kuposa nkhono.

Pobwera, mayo! Madzi a m'thanki ali bii ngati tiyi wopanda mkaka. Timizu tikuyandama, timakungwa, ndi phulusa pansi. Apongozi ali chilili pambali, okhutira ndi ntchito yawo. Mankhwala a tsempho! Awonjezamo ndi madzi odalitsa, kuti mbali zonse ziwiri zigwire ntchito.

"Ndikupulumutsa ntchito ya mwana wanga," atero.

Mimi ali pamwamba, kukamwa phaa, phaa.

Ndikanayankha, bwenzi pano pali mlandu wina weniweni. Ndamutunga ndi kapu, ndamuika m'beseni. Pothokoza wandiluma chala. Mano amenewo! Magazi chuu, kanyama kachoka.

Kenako:

- maulendo asanu ndi awiri a kumjigo
- makala obwereka kwa oyandikana nawo, amene andipatsa atatambasula dzanja patali
- kutsuka timiyala ta pansi kanayi
- mchere wa m'botolo langa lobisa, wosungunula m'ndowa, chitseko chokhoma

Dzuwa likulowa ndamubwezera. Wazungulira kawiri, wakhala pakona, wandiyang'ana. Sanatupe. Ndathira mchere ndi dzanja langali, sanatupe! Mboni: mphaka.

Khosi silikutembenuka. Chala chikugunda ngati ng'oma. Apongozi atumiza uthenga kwa ankhoswe kuti abwere Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Akuti sutikesi ndiyambe ndamasula.

Sindimasula.

Lachisanu, 18 Julaye

M'mawa. Wamoyo. Ndadzuka n'kuthamangira pagalasi ndisanasukusule. Tadala ali wakhanda ndinkachita chimodzimodzi.

Madzi sindisintha lero, ndinasintha onse dzulo. Pepala linene zimene likufuna, mwini pepala sanasenzepo ndowa.

Ndapempha apongozi abwere ndi aNachisale, ndisungunule mchere pamaso pawo, aone okha. Akana. Ati mankhwala awo agwira kale ntchito, ndiye isatupa lero n'chifukwa cha iwo. Ikatupa ndi ine, ikapanda kutupa ndi iwo. Mlandu wotere ngakhale loya angauthawe.

Kumsika mayi wa tomato wandipatsa chenji poika pansi, osati m'manja. Che Yusufu andiona ndikubwera, alowa kuseri kwa matumba a shuga. Akazi awo ndi amene andigulitsa sopo, nkhope ili gwa. Nkhalamba yosalakwa, chonsecho inangowerenga foni.

Masana. Ndakhala pansi pafupi ndi thanki, ndikusoka batani la diresi la ulendo. Mimi amabwera pagalasi ndikayandikira, amatsatira chala changa chomangidwa nsanza chija uku ndi uku. Apongozi akalowa amathawira kuseri kwa mwala. M'mudzi muno amene akudziwa kusiyanitsa anthu ndi nsomba.

Ndamuuza zonse. Za chipinda chimene ndidzaikemo makina anga osokera. Za madzi a pampopi. Za kuphika ndiwo popanda munthu woima kumbuyo kwanga. Sindikufuna zambiri. Ndikufuna kudzuka m'nyumba imodzi ndi mwamuna amene ndinakwatiwa naye, ndione ngati tikudziwanabe.

Ndawerenganso pepala lija. Ndalinunkhiza. Sindikudziwa chifukwa chake ndalinunkhiza. Perefyumu. Masiku asanu m'nyumba ya utsi wa mbaula, koma akumvekabe. Nambala seveni: "Amasungulumwa." Sekilitale wanji amadziwa kusungulumwa kwa nsomba ya abwana?

Ayi. Sindiyamba zimenezo. Ine ndamva sabata ino mmene zimawawira munthu akakuweruza ndi fungo lokha.

Madzulo. Foni yalowa! Yaitana kanayi. "Mimi ali bwanji?" Amenewo ndi mawu awo oyamba. Ndati ali bwino. "Wadya?" Wadya. "Chabwino, mawa masana." Kumbuyo kwawo kukumveka nyimbo ndi mbale, ndi wina akuseka. Ndisananene za chala changa adula.

Ndasita diresi. Ndasamba mutu ndi madzi ofunditsa pa makala otsala a nsomba, poti ena ndilibe. Mawa bambo a Tadala adzaseka nkhani ya tsemphoyi. Munthu wa m'tauni, zaka eyiti. Adzaseka mpaka misozi, adzauza mayi awo kuti asiye zachikale, tidzakwera galimoto.

Tsiku limodzi.

Loweruka, 19 Julaye

Afika dzuwa litapendeka. Jekete yatsopano yachikopa, tsitsi lometa bwino, masaya onona. Ulendo wa kuntchito umanenepetsa, kani.

Ine ndili pakhomo ndi diresi losita. Andidutsa. "Mimi! Mimi, mwana wabwino!" Agwada pagalasi, akuchita timilomo. Kenako atembenuka: "Mwaswera bwanji, mayi a Tadala?" Ndaswera.

Apongozi sanadikire kuti munthu amwe madzi. Afotokoza zonse, Lachiwiri mpaka Lachisanu, mthiko ausiya, kugogoda akusiya, Che Yusufu awatchula katatu. ANachisale, amene anangodutsa mwangozi atavala chitenje chatsopano, akuvomereza ndi mutu.

Ine ndikudikira kuseka kuja.

Sanaseke. Ayang'ana pansi, akanda chibwano, apumira m'mwamba ngati munthu wolemedwa. Koma ine nkhope imeneyo ndimaidziwa. Ndi nkhope ya munthu amene watola chinthu panjira.

"Zinthu za makolo sitingazipeputse," atero. "Nkhaniyi iyambe yaoneka bwino. Za ku Lilongwe zidikire kaye."

Munthu amene sanapiteko kumanda a atate ake chaka chino, lero akulemekeza za makolo!

Ndati, chabwino. Mawu anga atuluka ozizira, ine ndemwe ndadabwa. Ndati madzi aphwera pang'ono, ndipo poti dzanja langa ndi loipa, athire ndi iwo mchere, mwini nyumba. Apongozi avomera msanga, atulutsa paketi yabuluu m'chitenje. "Thira, mwana wanga, aone."

Avula jekete, apinda malaya. Masupuni anayi, thi! Mchere wakhala pansi. Ayang'ana uku ndi uku. Ine ndawapatsa mthiko. Ndi manja awiri, mwaulemu.

Ha!

Sindinaonepo Mimi atatupa chonchi. Lachiwiri kunali kuyeserera. Lero wakula ngati lalanje, minga yonse panja, wagudubuka mimba m'mwamba, diso limodzi lili pa bambo a Tadala.

M'nyumba muli zii. Kapampu kokha kakuti bulubulu. ANachisale kukamwa kuli yasa.

Apongozi akhosomola. Akonza duku. "Kukuzizira lero," atero. "Komanso, abale, nsomba si munthu. Tinyama ta azungu timeneti timangotupa tokha."

Timangotupa tokha! Masiku anayi ndadya ndiwo zozizira, ndapemphereredwa, chenji chandiikidwira pansi. Lero nsomba si munthu.

Ndipo ngati kuti Mulungu anafuna amalize ntchito yake tsiku limodzi, foni yawo yalira patebulo. Manja awo anyowa mpaka m'zigongono. Apongozi, pofuna kuthandiza mwana wawo, aitola n'kudina pobiriwira monga anawaphunzitsira Tadala. Pagalasi la foniyo padzaza nkhope. Mtsikana, nsidze zojambula, mawu okwera kuti nyumba yonse imve:

"Dali, wafika? Ndionetse Mimi wanga, ndamusowa! Wantchito wa amayi ako uja wamusamala bwino? Umupatseko kenakake, wayesetsa."

Bambo a Tadala alumphira foni ndi manja onyowa, yagwera pansi pa tebulo, ikuyankhulabe. ANachisale atsanzika. Sindinawaonepo akuyenda mwachangu chotero, ndipo sakulowera kwawo, akulowera kumsika.

Wantchito wa amayi ako.

Sindinakuwe. Sindinaswe kanthu. Ndatenga mthiko wanga, ndautsuka, ndaupachika. Ndayang'ana thanki mpaka Mimi waphwa, chifukwa iye sanalakwe.

Madzulo. Akuti ndi mwana wa abwana, amakonda nthabwala. Kenako akuti ndi sekilitale uja. Kenako akuti ine ndi amene ndayambitsa zonsezi ndi mthiko. Apongozi apita kwawo mutu ukuwawa. Mchere wa ndiwo palibe wabwera kudzathira, tadya zozizira tonse.

Lamulungu, 20 Julaye

M'mawa. Nkhungu. Kutchalitchi sindipita, ndapemphereredwa zokwanira sabata ino.

Ankhoswe sabwera. Apongozi atumiza uthenga m'mamawa kuti nkhani yatha, inali kusamvetsetsana. Kwa ine sananene kanthu. Angoika chitini cha mchere pakhonde langa, ngati chinayenda chokha.

Bambo a Tadala akupakira. Akuti mawa ntchito, akuti tidzakambirana mwezi wamawa mitima ikatsika, akuti nyumba ija madzi sanalumikize. Sindinafunse kuti mukukhala ndani.

Zimene zakwera galimoto:

- thanki, kumbuyo, pamatumba
- thumba la mbatatesi zanga
- makabichi anayi a m'dimba langa
- tinkhono khumi ndi tiwiri, m'chitini, toti adye panjira ndi mawa
- Mimi, m'ndowa yanga yovundikira

Galimotoyo ili ndi mpando umodzi wa wokwera. Ndowa aikhazika pamenepo, aikuta ndi bulangeti langa la ukwati kuti asazizidwe panjira, aimanga lamba. Ayesa lambayo kawiri.

Tinkhonoto ndatola ndine, m'mamawa, miyendo m'matope. Palibe anandituma. Ndawauzanso kuti mchere azisungunula kaye m'ndowa, ndipo asamagogode galasi. Ndati akamuuze mwini wake. Ayankha kuti, "Zikomo, mayi a Tadala," akuyang'ana chiwongolero.

Ndavundukula ndowa pang'ono kuti nditsanzike ndi Mimi. Wabwera pamwamba, watsatira chala changa chansanza. Mwa onse a m'galimotomo, ndi yekhayo wandiyang'ana.

Anyamuka. Apongozi akubayibitsa mpaka galimoto yalowa mumsewu waukulu.

Masana. Tebulo labwerera, pali chizindikiro cha makona anayi pomwe panali thanki. Pepala la malamulo ndayatsira mbaula, layaka bwino. Sutikesi ndamasula. Zitenje zinayi, diresi, nsapato zosapondabe fumbi. Sutikesiyo ndaibweza pamwamba pa kabati, pamalo pake pomwe fumbi linasiya mpata.

M'nyumba muli zii popanda kapampu kaja. Ndapezeka kawiri ndikuyankhula ndi tebulo.

Ndapita kwa Che Yusufu kukagula makandulo. Atuluka kuseri kwa matumba. Akazi awo andiwonjezera bokosi la machesi. Ndiye kuti nkhani yafika kale. Mayi wa tomato wandipatsa chenji m'manja, wagwiritsitsa dzanja langa nthawi yaitali. Chisoni chawo chikuwawa kuposa miseche yawo.

Madzulo. Ndaphika nyemba. Ndatsegula chitini, ndatapa mchere ndi dzanja langa, lolumidwa lomweli, ndathira. Ndatapanso kachiwiri. Ndapakula mbale, ndapita nayo kwa apongozi, ndagwada, ndaika patsogolo pawo. Ndawauza kuti wathira ndine.

Ayang'ana mbale, ayang'ana ine. Adya. Amaliza zonse, apukuta mbale ndi chala. "Mchere wachuluka," atero.

Ndakhala pamenepo kanthawi, ndikuwayang'ana masaya, ndikuwayang'ana miyendo. Sanatupe.

Ndadziona pagalasi la kuchipinda pobwera. Pabanja lonseli, otupa ndi maso anga okha. Mawa ndikagule ndowa ina.